KADYEDWE KA ODWALA MATENDA A SHUGA: Mau Oyankhulidwa pa Tsiku la Idi



A Shehe athu, akulu-akulu nonse, amayi ndi abambo, alendo athu ochokera ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Balaka, Idi Mubaraka kwa inu nonse.

Tikatuluka muno tonse tikulunjika kumene kukununkhira mpunga wa nyama. Mandasi akazingidwa kale, Sobo wasungunulidwa, Fanta ali m'ndowa ya madzi. Zonsezi n'zabwino, lero ndi tsiku lachisangalalo. Koma komiti yatituma kuti tikumbutsane za abale athu odwala matenda a shuga, amene akhale nafe pamkeka womwewo.

Kale tinkati awa ndi matenda a anthu olemera a m'tauni. Ayi ndithu. Kafukufuku amene Unduna wa za Umoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, pafupi-fupi 6 anali ndi matendawa. Chakudza sichiyimba ng'oma: ambiri amayenda nawo osadziwa, mpaka maso atayamba kuchita chidima kapena chilonda cha kuphazi chitakana kupola. Ngati muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupi-pafupi usiku, mukuonda koma mukudya bwino-bwino, pitani mukayezetse ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka.

Tsono shugayo amachokera kuti? Ambiri timaganiza kuti ndi wa m'tiyi yekha. Tisanamizane abale. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi, zonsezi zikafika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Munthu wabwino-bwino thupi lake limapanga insulini wokwanira kulowetsa shugayo m'minofu kuti apeze mphamvu. Wodwalayu insulini wake ndi wochepa kapena sagwira bwino ntchito, ndiye shuga amangodzaza m'magazi n'kumaononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi pang'ono-pang'ono.

Kodi ndiye asiye nsima? Ayi. Nkhani yagona pa muyeso, ndipo muyesowo uli m'manja mwa amene agwira chipande. Amayi, taonani mbale ya wodwala ngati munda wogawa panayi. Magawo awiri akhale a masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, chitambe, therere, mpiru, kaya kabichi. Gawo limodzi likhale la nsomba, nyama, mazira kapena za mtundu wa nyemba. Apa ife a ku Machinga ndi ku Balaka Mulungu anatikondera. Nandolo timalima tokha, khobwe ndi nzama zilipo, matemba a ku Chilwa ndi usipa sizisowa pamsika. Gawo lotsalalo ndiye la nsima kapena mpunga, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera cha mwini wakeyo, osati mitanda itatu.

Ufa wake ukhale mgaiwa. Ufa woyera tinauchotsa gaga pokonola ndi poviika, pamene gagayo ndi amene amathandiza kuti shuga asathamangire m'magazi. Komabe tisamvane molakwa: mgaiwa nawonso ukachuluka umakweza shuga. Mpunga wathu wa ku Chilwa ndi wokoma zedi, koma lero wodwala apatsidwe chipande chimodzi, masamba ndiwo achuluke. Nyama muichotse mafuta, mafuta ophikira muchepetse, mcherenso chimodzi-modzi, chifukwa shuga amakonda kuyenda pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi.

Choopsa kweni-kweni ndi zakumwa. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml muli shuga wokwana masipuni a tiyi 7 kapena 8. Sobo, thobwa lothira shuga, madzi a malambe otsekemera, nzimbe, ngakhale uchi, zonsezi zimakweza shuga mofulumira. Wodwala amwe madzi, ndi tiyi wopanda shuga. Zipatso adye ndithu, koma bango limodzi laling'ono, osati kukhalira dengu lonse nyengo ya mango ikafika. Tende nayenso ndi wotsekemera kwambiri, mmodzi kapena awiri akwana.

Tsopano tifike pa chimene chimativuta ife eni nyumba. Kwathu kuno mlendo akakana chakudya timati watinyoza. Lero m'bale wathu ayenda makomo anayi kapena asanu, ndipo khomo lililonse amve mau omwewo: "Idyaniko pang'ono, lero ndi Idi." Pang'ono pano, pang'ono apo, pofika madzulo munthu ali gone. Chonde, akati "zikomo, ndakhuta", tisamukakamize. Timpatse madzi ndi mtedza wokazinga pang'ono, ticheze naye. Kunyumbanso tisamuphikire kamphika kake-kake ngati wosalidwa. Chakudya chimene tafotokozachi n'choyenera banja lonse, makamaka poti matendawa amatsata kumtundu.

Mbali ina ndi iyi: kusadya nakonso n'koopsa. Amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulini, akadumpha chakudya shuga amatsika kwambiri. Munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kuchita chizungulire, mwina kuyankhula zosamveka. Mukaona zotere msungunulireni masipuni atatu a shuga m'madzi amwe msanga, kenaka adye. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

N'chifukwa chake tikupempha amene akufuna kumanga masiku 6 a Shawwal, kapena Ramadhani ikubwerayi, kuti ayambe aonana ndi achipatala, makamaka kukadali masabata 6 mpaka 8 Ramadhani isanafike. Malangizo a madokotala a bungwe la International Diabetes Federation a 2021 akuti womanga amasule pomwepo shuga akatsika pansi pa 3.9 kapena akakwera kuposa 16.6 pa kamakina koyezera. Woloredwa kumanga asadumphe daku, adye mochedwerako, ndipo pa futari asabwezere zonse za tsiku lonse nthawi imodzi. Surah Al-Baqarah inapereka chilolezo kwa wodwala, ndipo a Shehe ali pano kutilongosolera za kubweza masiku ndi za fidiya. Wodwala amene wamasula tisamuloze chala.

Potsiriza, mankhwala a kuchipatala asasiyidwe chifukwa wina wabwera ndi botolo la zitsamba. Tsiku la sikelo yanu ya shuga musaliphonye, mapazi muziwayang'ana tsiku ndi tsiku, ndipo kuyenda pansi ndi kugwira khasu musaleke. Mutu umodzi susenza denga: wophika, wogula ndiwo ndi wolandira alendo, tonse tili ndi mbali yathu, kuti Idi ya chaka chamawa, Insha Allah, idzatipeze tonse pamkeka umodzi.