Manda a Phulusa Losazima

M'maiko ena magetsi amapangidwa ndi mphamvu ya mwala wotchedwa uranium, mwala womwe umapezekanso kuno kwathu ku Kayelekera, m'boma la Karonga. Ntchito yake ikatha m'ng'anjo, pamatsala chimene tingachitche phulusa. Koma phulusa limeneli silizima msanga, ndipo limatulutsa cheza chosaoneka chimene chingathe kupha munthu kwa zaka zikwizikwi. Nanga likatayidwe kuti?

Anthu a ku Finland adayamba kulikumbira manda m'chaka cha 2004 pa chilumba cha Olkiluoto, namatcha malowo Onkalo. Adaboola thanthwe kutsika mamita opitirira 400. Phulusalo lidzatsekeredwa m'mitsuko yachitsulo yokutidwa ndi mkuwa, mitsukoyo nkuimata ndi dongo lotupa likanyowa, kuti madzi asapeze njira. Akufuna kuti zonsezi zipirire zaka 100,000.

Tiyeni tiime pa chiwerengero chimenechi. Kuyambira masiku a Abrahamu kufikira lero, zaka sizidakwane 5,000. Palibe ufumu, palibe chilankhulo chimene chidakhalapo nthawi yaitali chotere. Nchifukwa chake omangawo sadalira mlonda kapena boma, koma thanthwe, dongo ndi mkuwa. Ndipo pamenepa tikuti adaganiza modzichepetsa. Komabe tisaiwale za ku Germany: kumeneko migolo pafupifupi 126,000 ya zinyalala zoopsa pang'ono idaikidwa mu mgodi wamchere wa Asse pakati pa 1967 ndi 1978, anthu nati zatha. Mu 1988 madzi adayamba kulowamo, ndipo mu 2013 lamulo lidakhazikitsidwa lakuti migoloyo ifukulidwe.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsa kuti chilungamo chimafikanso kwa iwo amene sadabadwe. Iwowa ndi anansi athu, ngakhale sitidzaona nkhope zao. Tsono tidzawachenjeza bwanji? Kwathu kuno manda timawadziwira msitu wake, ndipo mwana amauzidwa ndi agogo kuti kumeneko sakatola nkhuni. Koma mawu a agogo amayenda mibadwo yowerengeka chabe. Akatswiri ena akuti paikidwe miyala yachenjezo. Ena akuti ai, chizindikiro chimaitana wokumba, monga zidachitikira manda a mafumu a ku Ejipito, choncho nkwabwino kufotsera, mitengo nkumerapo, malowo nkuiwalika. Ife tikuopa kuiwalako, pakuti munthu wofuna madzi amakumba chitsime paliponse.