Laisensi ya Galimoto Kunja kwa Malire

Ena mwa inu mukafika kwanu ku Petauke kapena ku Nyimba mufuna kubwereka galimoto yolipira, kuti mukaone abale ku Tete podzera pa Chanida. Kodi laisensi ya Zambia ikwanira? Inde, pakuti mu 1996 maiko a SADC anapangana kubvomereza malaisensi a anzao. Koma mwini galimoto akupatseni kalata yolola kuti ituruke m'dziko. Popanda iyo mudzabwerera pamalire. Wopita kutali, monga ku Ulaya, ndiye atenge cilolezo coyendetsera m'maiko akunja. Cilolezoco cingomasulira laisensi m'zinenero zina, sicilowa m'malo mwace ai. Nyamulani zonse ziwiri. Tsalani bwino.