KUKOMOKA PANSI PA MADZI

Madzulo ano tikambe za imfa imene imatenga akatswiri a kusambira.

Anyamata popikisana kuti aone wokhalitsa pansi pa madzi, kapena msodzi pofuna kukaonjola khoka lokodwa pa mwala, amayamba apuma msanga-msanga kambirimbiri, nati alikudzaza mpweya m'cifuwa. Ngozi yagona pamenepo. Cimene cimamkakamiza munthu kupuma si kucepa kwa mpweya wabwino, wochedwa okosijeni, iai, koma kucuruka m'mwazi mwace kwa mpweya woipa uja timaturutsa popuma. Kupuma kofulumirako kumacotsa woipawo, koma wabwino sikuonjezapo kweni-kweni. Tsono mlonda wagona. Munthu alikusambira bwino lomwe, osamva kubanika, pamene okosijeni alikutha. Bongo ungozima monga nyali yotha mafuta. Sapfuula, saphiriphitha. Ndipo thupi likayamba kupuma lokha, limakoka madzi. Dr. Albert Craig wa ku America analongosola zimenezi m'caka ca 1961, atafufuza za osambira amene anakomoka motere.

Olowa pakuya ali ndi bvuto linanso. Pa mamita 10 mpweya wa m'mapapo umapanikizidwa kawiri kuposa pamtunda, nulowa m'mwazi mosabvuta. Pokwera kupanikizako kumacepa, wotsalawo sukwaniranso, ndipo munthu amakomoka atatsala pang'ono kuturukira, anzace alikumuona m'bwato.

Nanga ticite ciani? Musanalowe pumani monga mwa masiku onse. Mukamva cifuwa cifuna mpweya, kwerani pomwepo, khoka lidzadikira. Pumulani ndithu musanabwererenso. Musalowe nokha, ndiponso musalowe awiri nthawi imodzi: mmodzi atsale pamwamba maso ali pa mnzace, namuyang'anirabe ngakhale ataturuka, pakuti ena amakomoka mutu uli kale kunja. Mpikisano wa kubanika uja, inu makolo ndi aphunzitsi, ine ndikuti muuletse, pakuti mwana wofuna kupambana samvera cifuwa cace.

Mukaona mnzanu wangoti zii, mturutseni nkhope m'madzi msanga. Ngati sapuma, muuzireni mpweya m'kamwa, nimukanikize pakati pa cifuwa kawiri-kawiri. Bongo wosowa mpweya umayamba kuonongeka patapita mphindi 4 kufikira 6. Akatsitsimuka mupite naye ku cipatala ndithu, cifukwa madzi olowa m'mapapo angambvute pambuyo pace.