Kompyuta ya Masewera: Kugula Kapena Kudzimangira?

Munthu amene wasunga ndalama miyezi yambiri kuti akhale ndi kompyuta ya masewera amafika pa mphambano. Angathe kugula makina omanga kale ku sitolo, kapena kugula ziwalo cimodzi-cimodzi ndi kuzilumikiza yekha kunyumba.

Ziwalo zace zazikulu ndizo izi: purosesa, ndiyo bongo wa makinawo, yopangidwa ndi Intel kapena AMD, khadi la zithunzi, memori, bolodi lalikulu limene zonsezi zikhalapo, ndi kabokosi kogawira magetsi. Kawiri-kawiri khadi la zithunzi ndilo limadya ndalama zambiri koposa zinzace.

Womanga yekha amasankha ciwalo ciri conse monga mwa thumba lace, ndipo cina cikakalamba amacotsa cokhaco, monga acitira mwini njinga ndi tayala lakutha. Koma safunsa anadya phula, pakuti ziwalo sizigwirizana zonse ai. Purosesa ya AMD ya mtundu wa AM4, umene unayamba mu 2016, singalowe pa bolodi la AM5 la 2022, ndipo bolodi limeneli lifuna memori ya DDR5 yokha. Timawaya tolumikizira purosesa ndi tanthete kwambiri. Kupinda kamodzi kokha kungataye malipiro a masabata ambiri.

Wogula zomanga kale amalipiranso nchito ya ommangira, koma amalandira kalata imodzi ya garanti, ndipo makina akafa adziwa khomo loti agogode. Cobvuta ncakuti makampani ena amaikamo ziwalo za msinkhu wao-wao, zosasinthika ndi za kwina. Ndiponso si masiku onse pamene kudzimangira kumapulumutsa ndalama: mu 2021 makadi a zithunzi anasowa pa dziko lonse, kotero kuti nthawi zina makina athunthu anali otsika mtengo koposa ziwalo zogula pazokha.

Tsono funso loyamba si la mtengo, koma lakuti: makina akaleka kuyaka, adzawakonza ndani? Amene ali ndi mtima wofatsa, ndi mnzace wodziwa nchitoyi pafupi, amange. Amene alibe, agule pa sitolo yoti angabwerereko ndi risiti m'manja.

Koma onse awiri asaumire pa za magetsi. Mu 2024 madzi anacepa m'Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Magetsi obwerera mwadzidzidzi angathe kutentha makina a mtengo wapatali m'kamphindi. Cifukwa cace kabokosi kabwino kogawira magetsi ndi cipangizo cochinjiriza pa khoma ziyenera kuwerengeredwa ndalama poyamba, khadi la zithunzi pambuyo.