Mankhwala ochepetsa kutupa kwa ubongo sachotsa chotupa

Zolankhulidwa pamsonkhano wa zaumoyo ku Mwaya



Pali chinthu chimene chimasokoneza mabanja pamene m'bale wawo akuganiziridwa kuti ali ndi chotupa mu ubongo. Wodwala amafika kuchipatala mutu ukuwawa kosalekeza, akusanza m'mamawa, mwina dzanja limodzi litafooka. Adokotala amamupatsa dexamethasone, mankhwala a m'gulu la ma steroid. Pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, munthu uja amadzuka n'kupempha kondowole ndi usipa. Abale amati wachira, ndipo ndalama ya ulendo wa ku Mzuzu amagulira zina.

Komatu sanachire. Chotupa chimachititsa timitsempha ta magazi tochizungulira kuti tizichucha madzi. Madziwo amatupitsa ubongo, ndipo poti chibade ndi fupa losafutukuka, ubongo umapanikizika. Dexamethasone amachepetsa kuchuchako, mutu n'kupepuka. Joseph Galicich ndi anzake a ku yunivesite ya Minnesota, ku America, adaonetsa zimenezi mu 1961, ndipo kuyambira pamenepo mankhwalawa athandiza odwala osawerengeka. Koma chotupa chenichenicho chimakhala chili pomwepo.

Nanga maselo a chotupacho amatani akakumana ndi mankhwalawa? Mu 2016 magazini ya madokotala ya Brain idafalitsa kafukufuku wa Kenneth Pitter ndi anzake pa khansa yoopsa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma. Poyesa pa mbewa, adapeza kuti dexamethasone amachepetsa liwiro limene maselo a chotupa amagawikanira. Pongomva, imeneyi ndi nkhani yokoma. Vuto lake n'lakuti chithandizo chotentha khansa ndi makina, chija amati radiotherapy, chimapha bwino maselo amene akugawikana. Maselo amene aima amapulumuka, n'kudzayambiranso. Odwala amene ankamwa ma steroid poyamba chithandizocho sadakhale ndi moyo nthawi yaitali ngati anzawo, ngakhale kuti ena mwa iwo adapatsidwa mankhwalawo chifukwa adali odwalika kale. N'chifukwa chake madokotala amapereka mlingo wochepa umene ungathandize, kwa masiku owerengeka.

Pali chotupa china, lymphoma ya mu ubongo, chimene chimakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi HIV. Ichi ndiye chimanyenga kotheratu. Ma steroid amapha maselo ake ambiri, moti chimatha kuzimiririka pa chithunzi cha sikani, ndipo akatswiri akatapa kachidutswa kuti akapime sapezamo kanthu. Patapita milungu kapena miyezi chimabwerera. Munthu amene adayamba wagula yekha mapilisi pamsika asanapimidwe amakhala wafafaniza mapazi a nthenda imene madokotala akadailondola.

Akamwedwa nthawi yaitali, mankhwalawa amakweza shuga, amafooketsa minofu ya ntchafu mpaka munthu kulephera kunyamuka pampando, ndiponso amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Nkhope imadzaza, koma uku si kunenepa kwa thanzi. Kuwasiya mwadzidzidzi nakonso n'koopsa, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga ma steroid akeake. Mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono monga anenera adokotala.

Masiku amene wodwala wapezako bwinowo ndiwo oyenera kuyenda. Kalata yochokera kuchipatala cha boma cha Nkhata Bay imamufikitsa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo ngati pakufunika opaleshoni amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a ubongo. Wom'perekeza asaiwale buku la kuchipatala, ndipo aonetsetse kuti mwalembedwa tsiku limene wodwala adayamba kumwa dexamethasone ndi mapilisi angati patsiku.