Ziwiya ndi Kakunthidwe ka Mowa wa Mapira: Mawu kwa Alangizi

M'madera ouma a chigawo chino alimi amalimbikitsidwa kulima mapira ndi mawere chifukwa mbewuzi zimapirira chilala. Gawo lina la zokololazo limathera m'mbiya ya mowa, ndipo amayi ambiri ongoyamba kufulula amayembekeza kupezapo ndalama za sopo ndi za sukulu. Tsono mlangizi ayenera kudziwa zowauza, pakuti mowa wofululidwa mosasamala umaononga chimera ndi kudwalitsa anthu.

Choyamba ndi ziwiya. Wofulula akhale ndi mbiya, mthiko, khuntho kapena nsalu yoyera, ndi chovindikira. Zonsezi zitsukidwe ndi madzi otentha. Mowa wamasese ndi wowawasa, motero umadya chitsulo. Mu 1929 dokotala A. S. Strachan, amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, anafotokoza za anthu amene chitsulo chinachuluka m'chiwindi mwawo, ndipo kafukufuku wapambuyo pake anaonetsa kuti gwero lalikulu linali mowa wofululidwira m'migolo yachitsulo. Choncho mowa uziwirira m'mbiya yadothi. Mgolo umene munakhalapo mankhwala ophera tizilombo kapena mafuta a galimoto usagwiritsidwe ntchito, ngakhale utatsukidwa chotani.

Chachiwiri ndi chimera. Mapira aviikidwe pafupifupi tsiku limodzi, amere masiku 4 kapena 5, kenaka ayanikidwe padzuwa. Timizu ndi timphukira take timakhala ndi poizoni wa sayanaidi, kotero chimera chikauma achifikise ndi kuchipeta asanachipere. Chimera chimene chagwira chuku chitayidwe.

Chachitatu ndi kukuntha. Mowa udutsitsidwe m'khuntho pang'onopang'ono kuti makoko atsale. Wofuna kuchepetsa masese aike mbiyayo pamalo pozizira maola angapo, osaigwedeza, ndipo atunge pamwamba ndi chikho, osafika pansi. Komabe adziwe kuti mowa wa mapira suyera ngati wam'botolo, ndipo kulemera kwakeko ndiko amwayo amafuna. Mowa umene ukuwirabe usatsekeredwe m'botolo, chifukwa mpweya wake ungaliphulitse. Popeza umasasa m'masiku ochepa, woyamba afulule wochepa, woti utha msanga. Masese otsala ndi chakudya chabwino cha nkhumba.

Mlangizi akafika pakhomo la wofulula, asayambe ndi kulawa. Ayambe wafunsa kumene mgolo unachokera ndi zimene zinalimo kale.