MSEU WA FEIRA: WAGALIMOTO AIME, WAPANSI AOLOKE



Nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya mseu wathu uno wocokera pa mlatho wa Luangwa kukafika pa Boma la Feira, makilomita ngati 90. Akuluakulu mukumbukira m'mene unaliri kale: miyala, fumbi ndi maenje, kotero kuti galimoto inali kukwawa ngati fulu ndipo mwana anali kuimva ikali kutali. Boma litayamba nchito ya Link Zambia 8000 m'caka ca 2012, mseu uwu unaikidwa phula. Tonse tinakondwera, pakuti tsopano nsomba za kuno ndi za ku Zumbo, masau ndi mphasa zifika ku Lusaka tsiku lomwelo, ndipo wodwala afika msanga ku cipatala ca Katondwe. Koma phula linadza ndi liwiro.

Lamulo nlomveka bwino. Pamene pali mizere yoyera yopingasa mseu, yonga ya mbidzi, munthu wapansi akaponda pamenepo wagalimoto ayenera kuima kufikira ataoloka. Kuima kumeneku si cifundo ca woyendetsa ai, ndi lamulo, ndipo a polisi pamodzi ndi bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, ali ndi mphamvu yolanga wolakwa. Kumapeto kwa 2019 Boma linalamulanso kuti pafupi ndi sukulu galimoto isapitirire makilomita 30 pa ola.

Kodi oyendetsa atsata zimenezi? Tinene zoona, anzanga, ambiri saima. Angoliza huta napitirira, ana nabalalika ngati anapiye aona kabawi. Cimene cindidabwitsa ine ndi ici: woyendetsa yemweyo akaona njobvu yaima pakati pa mseu, monga zicitikira kuno kwathu, aponda mabuleki akali patali, azimitsa ndi wailesi yomwe, nayembekeza mwaulemu kufikira mkuluyo atalowa m'thengo. Ndiye kuti maso ali nao, mabuleki ali nao. Njobvu aipatsa ulemu cifukwa ingamphwanyire galimoto, koma mwana wa Giredi 2 wonyamula kabuku kake alibe comuopsezera.

Mverani cifukwa cace Boma linasankha 30. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo kuti iime ifuna mamita opitirira 50, theka la bwalo la mpira. Lole yodzaza matumba a nsomba ifuna malo oposa pamenepo. Pa liwiro la 30 galimoto iima isanathe mamita 15. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linapeza kuti mwa anthu 10 ogundidwa pa liwiro la 30, okwana 9 apulumuka. Lipoti lace la 2018 linaonetsanso kuti mu Africa muno, mwa anthu 10 ofera pa mseu, 4 ndi oyenda pansi.

Ifenso apansi tili ndi mbali yathu, popeza mizere ija si linga. Imani, penyani kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso, ndipo musaponde phula galimoto isanaonetse kuti iima. Poyenda m'mbali mwa mseu yendani ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi galimoto zobwera. Usiku bvalani coyera. Amai ogulitsa masau, bwezani mabeseni anu kumbuyo pang'ono.

Anyakwawa, khalani pansi ndi aphunzitsi ndi makolo, mulembe malo onse amene ana aolokera kumene kulibe mizere, kapena kumene utoto unafufutika. Pepalalo mupatse khansala wanu apite nalo ku Khonsolo ya Luangwa kukapempha mizere, zikwangwani ndi mahampu. Amene aona galimoto yakana kuima alembe nambala yace, tsiku ndi nthawi, akapereke ku polisi pa Boma.